Mayi Makina, Kapitawo wa pa Mlatho wa Namitawa

Munthu wochoka ku Nkhulambe kulowera ku Chiringa amawoloka kamtsinje ka Namitawa pa mlatho wa matabwa wokhala pa zipilala za miyala. Ambiri amangopalasa njinga zawo, matumba a nandolo ali kumbuyo, osafunsa kuti mlathowo unamangidwa ndi manja a yani. Ine ndimawoloka pamenepo popita kukalalikira m'midzi ya kutsidya, ndipo nthawi zonse ndimakumbukira Mayi Magret Makina, amene anali kapitawo wa ntchitoyo. Mulungu amagawa mphatso monga afunira, wina iyi, wina iyo. Mphatso ya mayi ameneyu inali yodziwa pomuika munthu aliyense kuti agwire ntchito mtima uli m'malo. Zina mwa zimene ndalemba pano ndinazimva kwa eni ake, zina ndinaziona ndekha.

Mayi Makina anabadwira ku Nkhulambe konko, m'banja la Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale. Sukulu anailekeza panjira, ndipo akali mtsikana anapita kukathyola tiyi m'minda ya ku Mulanje. Kumeneko ankakhala m'nyumba za antchito, khomo ili Myao, khomo ilo Msena, kuseri Mmang'anja. Iwo eni amanena moseka kuti sukulu yawo yeniyeni inali yopempha mchere, pakuti anaphunzira kuupempha m'chinenero cha aliyense, naphunziranso kuti chimene chimakhumudwitsa uyu sichikhumudwitsa uyo. Atakwatiwa ndi a Tobias Makina, mmisiri wokonza njinga, anabwerera kumudzi kwa amayi awo monga mwa mwambo wathu, chifukwa kuno mwamuna ndiye amasiya kwawo n'kukamanga nyumba kwa mkazi. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wotsogolera nyimbo m'gulu la amayi a mumpingo mwathu.

Patapita zaka zochepa chiyambire ndale za zipani zambiri, mvula ya mwezi wa Febuluwale inatsitsa madzi aukali kuchokera kuphiri. Madziwo anakokolola mlatho wakale wa mitengo, nakwirira ndi mchenga minda ya m'mbali mwa mtsinje chimanga chisanakhwime. Dzinja litatha, bungwe lina lothandiza anthu linabweretsa ntchito yomanga mlatho watsopano, ndipo malipiro ake anali chimanga ndi nyemba kumapeto kwa sabata iliyonse. Woyang'anira anali a Malumbo Msiska, mwamuna wachinyamata wa ku Rumphi, wophunzira za zomangamanga, amene sankadutsa munthu osavula chipewa.

A Msiska anauza anthu lamulo la bungwelo momveka bwino. Ntchito inali ya onse. Amuna ndi akazi anayenera kugwira limodzi, osati amuna uku akazi uko, ndipo palibe woyenera kusalidwa chifukwa cha mpingo, chipani, chinenero kapena kulumala. Anawonjezera kuti alendo ochokera kulikulu la bungwe adzabwera kudzaona, ndipo akadzapeza zosiyana ndi zimenezi, chimanga chidzapita kumudzi wina.

Posankha kapitawo, amuna a chipani china anatchula munthu wawo, a chipani chinanso anatchula wawo, ndipo anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. Pamenepo mayi wina anafuula ali kumbuyo kuti, “Bwanji a Makina aakazi?” Mbali zonse ziwiri zinavomera msanga, iliyonse poganiza kuti mayi ndi wosavuta kumukoka.

Masiku amenewo amayi ankabwera kuntchito atavala nsalu za zipani zawo, ndipo tsiku loyamba lomwelo panali kale kulozana zala. Mayi Makina anaimirira pa mulu wa miyala nati, “Amayi anzanga, nsalu zanu zonse ndi zokongola. Koma nkhope zimene zili pamenepo sizinabwere kudzasenza miyala. Zitembenuzeni ziyang'ane mkati, nazonso zipumeko.” Anthu anaseka, nsalu zinatembenuzidwa, ndipo mkangano wa zipani unathera pomwepo.

Asilamu ankachoka Lachisanu masana kupita kumzikiti, pamene abale athu opembedza Loweruka sankagwira khasu tsiku lawolo. Mayi Makina anawagwirizanitsa kuti azilowerana m'malo, ndipo panalibe amene anatayapo mapemphero kapena chimanga. A Donald, amene miyendo yawo inapuwala ali mwana, anapatsidwa nyundo ndi malo a pamthunzi kuti aziphwanya miyala ali pansi, ndipo mikono imene inazolowera ndodo zoyendera inaposa ya anzawo onse. Nyimbo za pantchito zinkasinthana, lero ya Chilomwe, mawa ya Chiyao, mpaka a Msiska anakakamizidwa kuphunzitsa ya Chitumbuka, iwonso ataphunzitsidwa kudya kalongonda, nyemba za Alomwe zija. Malemba amatiphunzitsa kuti thupi ndi limodzi ngakhale ziwalo zake n'zambiri, ndipo kumtsinje kuja zimenezi zinkaoneka ndi maso.

Koma yesero linabwera pamene Mayi Makina anachoka masiku angapo kupita kumaliro a mlamu wawo ku Chiwalo. Nthawi yotuta mchenga inali itakwana. Mchengawo ankaunyamula pa machila, ndiye kuti thumba losokedwa pa mitengo iwiri, munthu mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo. Pofuna kukwaniritsa lamulo, a Msiska anaganiza zoika mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi pa machila alionse. Pokhala munthu woleredwa bwino, anayamba afunsa mayi aliyense wapabanja chapansipansi kuti, “Mama, kodi bambo a amuna anu ali pantchito pano?” Amayiwo ankadabwa n'kuyankha kuti, “Iyayi, ali kwawo ku Chiringa,” kapena, “Anamwalira kale amenewo.” A Msiska anakondwera kuti panalibe chokhumudwitsa, nayamba kuitana mayina awiriawiri.

“A Stafford, mugwira ndi a Aliness Goliati.”

A Aliness anali mayi wamasiye wachikulire, wolera adzukulu awiri amene makolo awo anamwalira. Munda wawo wonse unali pansi pa mchenga, ndipo chimanga cha ntchito ya mlatho ndicho chokha chinkalowa m'nyumba mwawo. Atamva dzina lawo pamodzi ndi la a Stafford, anafunda nsalu kumutu, nakhala pansi chofulatira. A Stafford, mwamuna wamphamvu wosadziwa ulesi, anavula chipewa, nabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka analowa m'munda wa nandolo, osaonekanso. Machila anatsala pansi. Posakhalitsa machila enanso angapo anasiyidwa chimodzimodzi, amuna kuthengo, amayi achikulire nsalu kumutu.

A Msiska anawatsata a Stafford m'mundamo. “Achimwene, kodi mukukana kugwira ntchito ndi mkazi?”

“Iyayi, bwana.”

“Nanga chavuta n'chiyani?”

A Stafford anangokanda kumutu, maso ali pansi. Panalibe wina aliyense amene anafotokoza. Zinthu zoterezi sizinenedwa pagulu eni ake ali pomwepo, komanso anthu ankaganiza kuti ngakhale mwana amazidziwa. Iwo anayesa kuti a Msiska achita dala, ndipo ankanong'onezana kuti, “Ndiye ufulu tinavotera uja umenewu?”

Tsiku lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Pamenepo amuna ena, motsogozedwa ndi a Mcdonald, anapita kwa woyang'anirayo nati, “Bwana, vuto ndi amayi achikulirewa. Apumitseni, mulembe atsikana, muona mmene mchenga uyendere.” Anatchula mankhwala koma nthenda sanaitchule. A Msiska anayang'ana amayi okhala pansi aja, naganiza kuti katunduyo wawalemera ndipo akuchita manyazi kunena. Ndi mtima wolemera analengeza kuti aliyense amene adzakhale asananyamule machila pofika Loweruka, malo ake adzapatsidwa kwa wina.

Mayi Makina atabwerako kumaliro, anakumana ndi a Aliness pamjigo. Atapepesana za malirowo, a Aliness anati, “Make mwana, ine ntchito ija ndasiya. Loweruka sindidikira kuti andithamangitse pamaso pa anthu.”

“Mwadwala kodi, amayi?”

“Ndili bwinobwino. Andiika machila amodzi ndi bambo a Favour.”

Mayi Makina anatula chidebe. Favour anali mwana wa a Stafford, ndipo amayi ake a Favour, Rejoice, anali mwana wobadwa kwa a Aliness. Kwathu kuno mkamwini ndi amayi a mkazi wake sayang'anana m'maso, sakhalirana pafupi, salankhulana mwachindunji, ndipo akakumana panjira mkamwini amapatukira kuthengo. Si udani ayi, koma ulemu waukulu umene umasunga mtendere pakati pa nyumba ziwiri zoyandikana.

“Iye ali ndi banja loti adyetse,” anapitiriza a Aliness. “Ndichoke ndine. Ana awiriwa tiona mmene Mulungu atichitire. Makaka a chinangwa akadalipo pang'ono.”

“Mulungu watichitira kale, amayi, watipatsa ntchito,” anatero Mayi Makina. “Mawa mubwere ndi nkhata yanu monga mwa masiku onse. Musalankhule ndi munthu za kusiya.”

Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, Mayi Makina anatenga chinangwa chophika m'kambale, napita kunyumba ya kuseri kwa sukulu kumene a Msiska ankakhala.

“Odi kuno!”

“Lowani, mama. Yewo. Mwayenda bwanji kumaliro?”

“Taika bwino, Mulungu watisunga. Idyani chinangwachi chisanazizire.” Anadikira kuti mnyamatayo ayambe kudya, kenaka anati, “A Msiska, ndifunseko. Kwanu ku Rumphi, mkazi wa achimwene anu akakumana ndi bambo anu panjira yopapatiza, amatani?”

“Amapatuka, mama, n'kugwada kumbali, nkhope kuthengo. Ngakhale dzina lawo salitchula. N'chifukwa chake ndinafunsa mayi aliyense ndisanagawe machila, kuti ndisachimwitse munthu.”

“Munachita bwino, ndipo Mulungu anaona mtima wanu. Koma mwanangu, bambo a amuna athu mukanawapeza kuti? Kwanu mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, n'kukapeza apongozi aamuna pakhomo. Kuno amuna athu onse ndi obwera, bambo awo anawasiya kutali. Amene ali pakhomo ndi amayi a akazi awo. A Aliness anabereka Rejoice, ndipo Rejoice ndi mkazi wa a Stafford.”

Chinangwa chinaima panjira yopita kukamwa. “Mukutanthauza kuti ndinauza munthu kuti agwire machila ndi apongozi ake?”

“Ndi kumawauza kuti nyamulani, tulani, fulumirani.”

A Msiska anagwira mutu ndi manja awiri. Anayamba kuseka, kenaka manyazi anawagwira, kenaka anasekanso. “Mama, amayi anga akadzamva zimenezi sadzandipatsa ngakhale madzi akumwa. Ndinatseka khomo lakumaso, mbuzi n'kulowera lakuseri!” Chiseko chitatha nkhope inagwa. “Koma lamulo likadali pomwepo. Ndikaika amuna paokha ndi akazi paokha, alendo akabwera ntchito yatha, ndipo mudzi wonse wataya. Bwanji a Aliness apume, m'malo mwawo mulowe mwana wawoyo?”

“Rejoice ndi woyembekezera, mwezi wake wayandikira. Ndiponso a Aliness sanakane ntchito. Munawaona mmene amasenzera mwala? Tikawachotsa iwo ndi anzawo aja, ndiye kuti tawalanga chifukwa chobereka ana aakazi. Lamulo lanu likuti wina asasalidwe. Lamulo la Mulungu likuti tilemekeze makolo, ndiponso tisapotoze mlandu wa mkazi wamasiye. Ine sindikuona kuti malamulo amenewa akulimbana.”

“Ndiye titani, mama?”

“Mtsinje uli ndi tsidya lino ndi tsidya ilo. Tigawe anthu magulu awiri, gulu lililonse amuna ndi akazi osakanikirana monga mukufunira. Chachikulu n'chakuti mkamwini akakhala tsidya lino, apongozi ake akhale tsidya ilo. Madzi akhale pakati pawo.”

A Msiska anali atakonza zomanga kuyambira mbali imodzi, kumene kunali nyumba yosungiramo simenti. “Magulu awiri afuna zida ziwiri ndi malo awiri osakanizira,” anatero. “Zida zimenezo ndilibe.”

“Makasu ndi mafosholo tili nawo m'nyumba zathu. Wilibala yakufa ija bambo akunyumba aidzutsa, amadzutsa njinga zoipa kuposa pamenepo. Ndipo madzi achepa, simenti iwoloka pamutu.”

Woyang'anirayo anagwedeza mutu movomera. “Tiyese mpaka alendo abwere. Koma mama, ndinene zoona. Zipilala zikachedwa, kapena alendo akaipidwa nazo, sindidzatha kuwateteza amayi aja.”

“Yewo,” anathokoza m'Chitumbuka Mayi Makina, natenga kambale kawo.

M'mawa mwake anthu atasonkhana pamchenga, a Msiska anavula chipewa napepesa kwa amayi achikulire, osatchula dzina la munthu. Kenaka Mayi Makina anayamba kugawa. Anaimika a Aliness tsidya lino, natumiza mayi wina wachikulire, a Martha, tsidya ilo. Ankaitana mwamuna mmodzimmodzi n'kumufunsa chapansipansi kuti, “Inu mumaopa yani?” Mwamunayo ankangoloza ndi milomo, ndipo kapitawo ankamuonetsa mbali yake.

A Martha anali ndi ana aakazi ambiri, onse okwatiwa m'mudzi momwemo. Iwo atangowoloka, chigulu cha amuna chinathamangira tsidya lino ngati nkhuku zaona kabawi.

“A Martha, mwatsala ndi amuna angati kumeneko?” anafuula mayi wina.

“Funsani Mulungu amene anandipatsa atsikana okhaokha okongola!” anayankha a Martha.

A Sylvester anali ataferedwa mkazi n'kukwatiranso m'mudzi womwewo, choncho anali ndi apongozi awiri, ndipo zinachitika kuti mmodzi anaikidwa uku, wina uko. Bamboyo anayang'ana kutsogolo, nayang'ana kumbuyo, nalowa m'madzi n'kuima pakati pa mtsinje. “A kapitawo, nanga ine ndizigwirira pano ngati chule?” Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Mayi Makina anasamutsa mmodzi wa amayiwo kuti onse awiri akhale mbali imodzi, ndipo a Sylvester anatuluka m'madzi.

A Mcdonald, amene anapempha kuti achikulire achotsedwe, analibe chibale ndi a Aliness. “Inu a Mcdonald,” anatero kapitawo, “mugwira machila ndi amayi awa. Muziwayendetsa pang'onopang'ono, paja munati ndi okalamba.” Dzuwa lisanafike pamutu, anali a Mcdonald amene anapempha kuti apumeko, a Aliness akuwafunsa kuti, “Mwatopa kale, mwanangu? Kodi m'mawa munadya?”

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inathamanga. Tsidya lino likakweza chipilala, tsidya ilo linkayamba nyimbo yonyogodola n'kukweza chawo kuposa pamenepo. Zinandikumbutsa anthu a Mulungu akale aja amene anamanganso linga la mzinda wawo, banja lililonse pachigawo chake, linga n'kukhala limodzi. Uthenga pakati pa akamwini ndi apongozi unkadzera mwa kapitawo, ngakhale mtsinjewo ndi waung'ono moti aliyense ankamva yekha. Tsiku lina a Stafford anafuula ali tsidya ilo kuti, “A kapitawo! Auzeni amayi kuti mbuzi yawo yadula chingwe, ikulowera kudimba!” A Aliness, amene anaima pafupi ndi madzi kuposa kapitawoyo, anayankha akuyang'ana kumwamba kuti, “A kapitawo, auzeni bambo a Favour kuti ndamva.” Mayi Makina ankangoti, “Mwamvana,” osatula n'komwe fosholo.

Zipilala zitatha, anayamba kuyala matabwa kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo magulu aja ankayandikirana tsiku ndi tsiku. Mayi Makina anali ataziganizira kale. Anatumiza amayi achikulire kumapeto kuti azithira dothi ndi miyala pokwerera mlatho, aliyense kumbali yake, nasiya pakati anthu opanda choopana.

Alendo anafika mlatho utatsala thabwa limodzi lapakati. Tsiku limenelo ndinalipo, chifukwa anandiitana kudzapereka pemphero. Wotsogolera alendowo anali Mayi Rosemary, mayi wa magalasi, wosaseka msanga. Anayendera tsidya lino, nawoloka pamiyala kukaona tsidya ilo, ndipo konse anapeza amuna ndi akazi akugwira limodzi. Anaima nthawi yaitali pafupi ndi a Donald ndi mulu wawo wa miyala. Kenaka anafunsa kuti wamkulu pa antchito onse ndi ndani. Anthu analoza a Aliness.

“Ndiye amayi amenewa ndiwo ayambe kuwoloka,” anatero mlendoyo.

Amayi anayamba nyimbo ndi nthungululu, ndipo a Aliness anakwera pamlatho. Koma pakati pa mlathowo panali a Stafford, atagwada chofulatira, akukhoma misomali yomaliza. Mayi Makina anafuula kuti awachenjeze, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mawu awo anamizidwa ndi nyimbo imene anaiphunzitsa okha. A Stafford anamva matabwa akulira kumbuyo, natembenuka, naona apongozi awo ali pafupi zedi. Anayang'ana kumanja, kulibe thengo. Anayang'ana kumanzere, kulibe munda wa nandolo. Anavula chipewa, nadumphira mumtsinje.

Madzi anali a m'maondo. Bamboyo anaima mmenemo nyundo ili m'dzanja, chipewa chili pachifuwa, nkhope kubango. Nyimbo inaduka. Mayi Rosemary anavula magalasi nati, “Kodi bamboyo wagwa? Kapena sakufuna kukhala pamlatho umodzi ndi mkazi? A Msiska, n'chiyani chimenechi?”

Ndinaona a Aliness ataima chilili pakati pa mlatho, nsalu ili kukamwa, podziwa kuti yankho la funso limenelo ndilo linanyamula chakudya cha adzukulu awo, pakuti alendo akanaipidwa, ntchito zina za bungwelo zikanapita kumudzi wina. Mayi Makina anasuntha kuti alankhule, koma a Msiska anawatsogolera.

“Sanagwe, mayi. Wapatuka. Amenewo ndi amayi a mkazi wake, ndipo pamlatho palibe thengo.” Ndipo anafotokoza zonse osabisa kanthu: za machila, za funso lawo la ku Rumphi limene analifunsa kwa anthu a ku Nkhulambe, za mawu awo a Loweruka, ndi za nzeru ya kapitawo yoika madzi pakati. “Palibe mayi amene anachotsedwa,” anamaliza motero, “ndipo palibe mwamuna amene wagwira ntchito popanda mkazi pambali pake. Ngati pali cholakwa, chili pa ine.”

Mlendoyo anayang'ana munthu wa m'madziyo, nayang'ana mayi wa pamlathoyo. Kenaka anaphulika chiseko mpaka kupukuta misozi. “Kwathu ku Ntcheu,” anatero, “amuna anga anagwetsa mpanda wa bafa pothawa amayi anga. Lamulo lija tinalilemba kumzinda, apongozi athu ali kutali. Mayi kapitawo, zimene mwachitazi ndikazinena kulikulu, kuti magulu ena aphunzire. Amayi, wolokani, mlatho ndi wanu.”

A Aliness asanapitirire, anaponda thabwa lomaliza lija ndi chidendene, nayang'ana kwa Mayi Makina. “A kapitawo, auzeni bambo a Favour kuti akhoma bwino, thabwali silikugwedezeka. Atulukemo m'madzimo, angatenge chimfine.”

Pansi pa mlatho panachokera mawu akuti, “A kapitawo, auzeni amayi kuti zikomo kwambiri. Ndituluka akafika kutsidya.”

Pemphero langa tsiku limenelo linachedwa, chifukwa sikunali kotheka kutseka maso anthu akuseka chotero, ndipo ndikhulupirira kuti Atate wathu wakumwamba sanaipidwe nako kudikirako.

Mayi Makina anakhalanso kapitawo pamene bungwe lomwelo linabweretsa ntchito yokonza msewu wolowera ku Chiwalo, ndipo kumeneko, popeza kunalibe mtsinje, gulu lina linayambira kumtunda, lina kumunsi. Pambuyo pake anabwerera kumunda wawo wa nandolo ndi chinangwa, kumene ali mpaka lero. Sanalandirepo udindo wina uliwonse woposa pamenepo, ndipo sanaufunenso. Koma odzetsa mtendere ali nalo dzina lawo kumwamba, ndipo ine ndine wotsimikiza kuti ena mwa iwo mtenderewo amaudzetsa ndi fosholo m'manja.

Pa ntchito ya msewuyo, a Msiska anaitana a Aliness m'gulu la anthu oyamba. Anagwira mpaka mvula yoyamba inagwa, ndipo mphamvu zimene chimangacho chinawapatsa anazigwiritsa ntchito pochotsa mchenga m'chigawo china cha munda wawo, nabzala. Adzukulu awo awiri aja sanagone ndi njala chaka chimenecho, ndipo sanasiye sukulu. Ambuye amene amasamalira amasiye alemekezeke.